Eusébio Wachitsulo

Chaka cha 1992 chinapeza Cacilda ali mkazi wa munthu amene sanali wamoyo komanso sanali wakufa. Mwamuna wake, Eusébio, anagwidwa ndi anthu amfuti ku Ntengo-Wambalame zaka zinayi m'mbuyomo kuti akawasenzere katundu, ndipo sanabwerenso. Omudziwa ankadabwa kuti amfutiwo anaona chiyani mwa iye, pakuti bamboyo ngakhale mpando wake womwe ankadikira wina amunyamulire.

Tsopano Clemente, namwino wa pachipatala, anali atamufunsira Cacilda, ndipo pakutha pa mwezi akuluakulu a chipatala ankamusamutsira Clementeyo ku Furancungo. Cacilda ankamufuna Clemente, sankabisanso. Koma akuchimuna anakana kumusudzula popanda manda. Mwambo unali nayo njira yake: munthu akafera kutali, amaika thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo, anthu n'kumeta, nkhani n'kutha. Tsoka lake, chilala cha chaka chimenecho chinali chitadyetsa anthu nthochi zonse mpaka mizu.

"Ndiye m'dzenjemo tiikamo chiyani, mlamu? Mphepo?" anatero mkulu wake wa Eusébio. "Pezani choika, ife tikumba."

Cacilda anapita kwa Julião, wosula makasu kuseri kwa msika, amene anthu ankamutcha Mestre, ndiye kuti mmisiri. Munthu ameneyu kale ankasowa ndi msomali womwe. Nkhondo inatenga amuna a m'deralo, koma pobweza zitsulo sinaumire: magalimoto opsa, mfuti zothyoka, makoko a zipolopolo odzaza madengu.

"Mestre, mundipangire mwamuna wanga woti tikaike m'manda."

"Anali wotani kodi? Ine ndinkangomuona atakhala."

"Ndiye kuti mwamudziwa kale."

Komabe Julião anafunsitsa, ndipo Cacilda, amene kwa zaka zinayi palibe anamufunsa za mwamuna wake, anamasuka pakamwa. Ananena za mimba, za makutu otambalala, za khosi lopendekera kumanzere akamamvetsera miseche. Apa ndi pamene analakwitsa. Akanangoti anali wamtali, wokongola, woima njo, zonse zikanayenda bwino.

Julião anakhoma ndi kumanga ndi waya kwa masiku asanu. Mimba inali thanki ya mafuta ya galimoto ya asilikali, miyendo mipope ya mfuti, mutu chipewa chachitsulo choboola pachipumi. Makutu anadula ku chitseko cha galimoto yomweyo, mano n'kuika makoko a zipolopolo, limodzi losowa kutsogolo monga anauzidwira. Chinthucho chinakhala pansi chotambalala miyendo, dzanja lili m'mwamba ngati choyembekeza chipanda cha mowa.

Tsiku la maliro anachikoka pangolo mpaka pabwalo la akuchimuna. Atachotsa nsanza zimene anachifunditsa, amayi amene anali atayamba kale kulira anatsamwa. Wina anaphulika kuseka, ndipo pabwalo ponse panagwa phwete, mpaka katekisiti anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Cacilda naye anaseka, mtima uli m'malo. Dzenje linali lokumba kale, lumo lometera linali lonola.

Kenako anatuluka a Doroteia, amake a Eusébio. Anachizungulira chinthucho pang'onopang'ono, nagwira khutu limodzi.

"Makutu a bambo ake," anatero motsitsa mawu. "Ndani akufuna kumukwirira mwana wanga?"

"Amayi, ndi thanki ya galimoto iyi," anatero mkulu wa Eusébio uja.

"Ndikuona, sindine wakhungu. Zaka zinayi ndakhala ndikuyang'ana njira yopanda munthu. Lero ndapeza choyang'ana, ndiye mukachiike m'dothi? Mudzatiikire limodzi."

Cacilda anagwada. "Apongozi, nanga ine? Mwezi ukutha Lachisanu."

"Iwe mwamuna wako wabwera. Ukudandaula chiyani?"

Palibe anayerekeza kuwatsutsa mayi akulira. Amuna anayi anamunyamula Eusébio n'kukamukhazika pakhonde la amake, ndipo dzenje lija analikwirira lopanda kanthu. Cacilda anapsa mtima. Anakwiyira Julião ndi luso lakelo, anadzikwiyira yekha ndi pakamwa pake, koma nkhalambayo analephera kuida, ndipo chimenechi n'chimene chinamuwawa kwambiri.

Lachisanu m'mawa magalimoto operekezedwa ndi asilikali ananyamuka kupita ku Furancungo, Clemente ali pamwamba pa matumba. Cacilda anawamva akudutsa ali pakhonde paja, kansanza kali m'manja, akupukuta mutu wa mwamuna wake, pakuti apongozi anali atalamula kuti kuchotsa dzimbiri ndi ntchito ya mkazi.