Kandulo ya M'chitsime

"Chotsani malatawo, dzuwa likukwera!" anakuwa Kapitawo, ali chilili pamthunzi, manja m'thumba.

Anyamata ake awiri, Wachingwe ndi Mfuko, anagubuduza miyala nakoka malata amene anavindikira chitsime kuseri kwa nyumba. Chinakhala chotseka zaka zambiri, ndipo mayi amene anangogula nyumbayo ankafuna kuti achichotse matope. Mfuko, bambo waimvi yemwe analandira dzinali chifukwa moyo wake wonse anauthera pansi pa nthaka, anasuzumira n'kuyamba kukhosomola.

"Ine lero sindilowa, bwana. Chifuwachi chandigwira, ndikangowerama ndikumva chizungulire."

"Ndiye kuti ndinalemba nkhalamba ndi odwala okhaokha?" Kapitawo anakweza mawu kuti mayi uja amve pazenera. "Ndilowa ndekha, muone mmene amuna amagwirira ntchito. Iwe Wachingwe, tsitsa kakandulo kako kaja, paja popanda iko sugona tulo."

Mawuwo anamulasa Wachingwe pabala lakale. Chaka chatha mng'ono wake analowa m'chitsime china popanda kuyesa mpweya, chifukwa Kapitawo yemweyu anati makandulo ndi otayitsa nthawi. Anamutulutsa ali lobodo. Dokotala anafotokoza kuti mapapo amapereka mpweya wabwino kumagazi, magazi n'kubweza woipa kuti utuluke. Koma m'dzenje lotseka mpweya woipa umakhazikika pansi ngati madzi m'beseni, wopanda fungo. Ukachuluka m'magazi, thupi limalamula munthu kupuma msangamsanga, iye n'kumangomeza womwewo, mpaka ubongo kufooka. Mnyamatayo sanafe, koma tsopano ankangokhala pakhonde, dovu lili chuchuchu, osamudziwa ngakhale mwana wake. Kapitawo sanapondeko kuchipatala. Anangouza anthu kuti mnyamatayo analowa ataledzera.

Wachingwe sanasiye ntchito, pakuti pakhomo pake panawonjezeka pakamwa patatu: mng'ono wakeyo, mlamu wake ndi mwana wawo. Ankangoti "chabwino bwana," chidani chili m'mimba ngati mwala.

Anayatsa kandulo, naiimika m'chitini, n'kuyamba kuitsitsa ndi kachingwe. Kapitawo anali pazenera, akuvula malaya kwinaku akuuza mayi uja za zitsime zakuya zimene anakumbapo. Mfuko anali atapita kukamwa madzi kumpopi. Lawi linatsika bwinobwino, kenako linafupika, linanjenjemera, ndipo lisanafike n'komwe pamatope linazima. Wachingwe analiona yekha. Chimene anamva sichinali mantha, chinali chimwemwe choipa. Anakoka chitinicho n'kuponya kandulo m'thumba la zida.

"Yati bwanji?" anafunsa Kapitawo akumanga chingwe m'chiuno.

"Yayaka mpaka pansi, bwana. Ndaizima ndekha."

"Waona? Mantha basi!"

Anakoleka chingwe pamtanda wachitsulo wopingasa pakamwa pa chitsime, Wachingwe n'kuyamba kuchimasula pang'onopang'ono. Kapitawo anatsika akuimba mluzu. Mluzuwo unamveka kwa kanthawi, kenako unaduka. M'malo mwake munatuluka phokoso limene Wachingwe ankalidziwa bwino, kupuma kwa wefuwefu ngati kwa galu wothamangitsidwa.

"Muno mukutentha," anatero Kapitawo. "Mutu ukundiwawa. Tandikoka kaye."

Wachingwe anaponda chingwe ndi phazi nawerama pakamwa pa chitsime.

"Mwati bwanji, bwana? Sindikumva."

"Koka! Mpweya... ndikubanika!"

"Kodi simunamwe m'mawa uno?" anafunsa motsitsa mawu. "Paja amene amabanika m'chitsime ndi oledzera."

Pansi panamveka kukanda kwa zala pakhoma, dothi n'kumagwera m'matope. Wachingwe anamvetsera, ndipo kunena zoona zinkamukomera. Sankafuna kuti munthuyu afe. Ankafuna akakhale pakhonde, mkazi wake azimupukuta kukamwa, anthu odutsa azifunsa chimene anamwa. Kupuma kuja kunayamba kutalikirana, chingwe chinalemera.

Mfuko anafika akuthamanga, madzi ali m'ndevu. "Bwanji kwangoti zii? Bwana! Koka, mphwanga, koka!"

"Chakodwa penapake, madala. Sichikubwera."

Mayi uja analira nathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto. Mfuko sanafunsenso. Anatola chingwe chachiwiri, nachiponya pamtanda, n'kuvula nsapato.

"Wakomoka ndi kutentha ameneyo. Kandulo yayaka, eti? Gwira ichi, ndikamumasule." Anali atalowetsa kale mwendo umodzi, akukhosomola.

Apa ndi pamene Wachingwe anadzidzimuka. Mfuko ndiye anamuphunzitsa kumanga mfundo yosapulumuka. Ndi yemweyunso amene anabereka mng'ono wake kumsana mpaka kumsewu tsiku lija. Ndi chifuwa chimenecho, sakanatha ngakhale kufika pansi ali maso. Wachingwe anamugwira kolala n'kumukokera kunja, onse awiri n'kugwa chagada.

"Musalowe! Inazima, madala. Kandulo inazima!"

Mfuko anamuyang'ana, nayang'ana chingwe chimene sichinakodwe paliponse. Sanatukwane. Anangodzuka n'kuchigwira.

"Koka," anatero.

Anakoka mpaka zikhato kusupuka. Kapitawo anatuluka mutu uli lende, milomo itachita mbuu. Anamugoneka chammbali pamthunzi, Mfuko akumukupiza ndi katoni. Chifuwa chinakwera, chinaima, chinakweranso, kenako munthuyo anasanza n'kutsegula maso. Anayang'ana uku ndi uku ngati mlendo, ndipo atamuona Wachingwe anamugwira dzanja.

"Wandipulumutsa, mwanawe," ananong'ona, misozi ikutsikira m'khutu. "Ndiye ndi mmene anamvera mng'ono wako? Kukoka mpweya, koma ngati ukukoka thonje?"

Wachingwe anachotsa dzanja lake. Mawu amenewa anawadikira chaka chathunthu, koma atabwera sanamukhutitse. Mkwiyo unali pomwepo, kungoti tsopano unasakanizika ndi manyazi.

Galimoto itamutenga Kapitawo pamodzi ndi mayi uja, awiriwo anatsala okha. Mfuko anabwezera malata pachitsime, nasanjikapo miyala. Kenako anayamba kukulunga zingwe pamkono pake, ntchito imene nthawi zonse inali ya Wachingwe.

"Bweretsani ndikulunge, madala."

"Zisiye."

"Mukudziwa zimene anatichita munthu uja. Munalipo!"

"Ndinalipo, ndipo nanenso ndimadana naye," anayankha Mfuko osadzutsa mutu. "Ukanamuthyola mano pamsewu, ndikanakugwirira malaya. Koma ife timalowa pansi chifukwa wapamwamba akati yayaka, ndiye kuti yayaka. Tilibenso china."

"Inu sindikanakusiyani mulowe."

"Lero sunandisiye. Mawa ndikadzakulakwira?"

Mfuko anakoleka zingwe zonse ziwiri paphewa, natola thumba la zida.

"Sindiuza munthu, chifukwa cha ana amene ukudyetsa. Koma Lolemba usabwere, mphwanga. Ukafune ntchito ya pamtunda. Ine sindingalowenso m'dzenje chingwe chili m'manja mwako."

Anatuluka pageti akukhosomola, osacheuka. Wachingwe anatsala pabwalo la eni ake, manja ali lende, akuganiza zimene akauze mlamu wake mwezi ukatha wopanda malipiro.