Ndandanda ya Mlamu Pakhoma

Ndipo chomwe chinkamunyansa kwambiri si chikatonicho ayi, koma malembo ake, malembo oongoka, ofanana msinkhu ngati ana a sukulu pamzere, malembo a munthu amene sanagwirepo sizasi mwana akulira kumsana. Mlamu wake, mlongo wa bambo a mwana, anali atabwera Lamlungu ndi chikatoni ndi mapeni a mitundu itatu, atangochokera kumaphunziro a masiku awiri a anthu odzilemba okha ntchito, n'kuchikhoma ndi msomali pamwamba penipeni pa makina osokera, ngati kuti chomwe chinkasowa m'nyumba muno chinali chithunzi. 8 koloko, kuyeza. 9 koloko, kudula. 10 koloko, kupuma mphindi khumi. Kupuma! Anamutcheranso belu m'foni kuti lizilira ola lililonse.

"Alamu, vuto lanu si ntchito ayi," anatero tsikulo, akusasa fumbi la khoma m'manja. "Ndi nthawi. Simuidziwa nthawi."

Iye anangoti zikomo, monga munthu amathokozera mankhwala a matenda omwe sakudwala. Koma mawuwo anali atamutsakamira pakhosi masiku anayi tsopano. Simuidziwa nthawi — kumuuza iyeyo, telala amene ali mtsikana ankaimba belu kusukulu zaka ziwiri zathunthu chifukwa sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi, pomwe mlamu yemweyu, mnzake wa kalasi imodzi, ankafika thukuta lili kamukamu, nsapato imodzi yosamanga, akumuchonderera ndi maso kuti adikireko pang'ono asanaimbe. Ndipo ankadikiradi, chitsiru iye, ankadikira. Mpaka tsiku lomwe yunifomu inakana kutsekeka pamimba, belu n'kupatsidwa wina. Wochedwa uja anapitirira mpaka kumaliza, lero akuyenda ndi kachikwama ka mapepala, akugawira anthu maola ngati ndi ake.

Komatu lero silinali tsiku loti azilimbana ndi chikatoni. Pokwana 4 koloko amayi otsogolera kwaya abwera kudzatenga diresi. Diresi imodzi yokha, yongoonetsera — ikawasangalatsa, ndiye kuti madiresi makumi atatu a kwaya yonse asoka ndi iyeyo, ndipo ndi ntchito yotere akanatha kutenga kachipinda kaja kuseri kwa ometa tsitsi, kachipinda kopapatiza, konunkha penti, koma kokhala ndi chinthu chimodzi chomwe iye ankachilota masana dzuwa likuswa mtengo: chitseko chotseka ndi loko. Nsaluyo amayiwo anaigula kutali ali paulendo, yabuluu, maluwa oyera mbali imodzi, mbali inayo yotuwa ngati phulusa. Anabweretsa mamita atatu ndendende, osapitirira ngakhale chikhatho, ndipo ananena kawiri, chala chili m'mwamba, kuti mikono ikhale yaitali mpaka pamfundo ya dzanja chifukwa kwaya yawo si ya atsikana.

Belu la 9 koloko linamupeza atayala kale nsalu patebulo, mwana ali m'tulo pamphasa, ndipo kwa mphindi zochepa m'nyumbamo munali bata loti ankamva sizasi ikudya nsalu, khwee, khwee, mawu okhawo padziko omwe sankamupempha kanthu. Anadula kutsogolo, anadula kumbuyo. Ndiye kunamveka masilipasi pakhonde, okwekwesa, osafulumira, a munthu amene tsiku lake lilibe mapeto.

"Odi anzanga! Ndangodutsa."

N'chifukwa chake anthu onse mumzere wa nyumba zawo ankamutchula choncho, Ndangodutsa, mayi wa khomo lachitatu, amene sanadutsepo pakhomo la munthu osakhala pansi. M'manja anali ndi thalauza la mwamuna wake.

"Kazipi kokha aka. Kwa inu ndi mphindi ziwiri."

Mphindi ziwiri. Onse amatero, amene sadziwa kulowetsa ulusi pasingano ndi amene amadziwa kuwerengera telala mphindi. Akanapita nalo kwa telala wa kumsika thalauza lonunkha fodyali akanaima panja, akanauzidwa kuti abwere Lolemba, akanathokozanso. Koma kuno ndi kunyumba, ndipo mkazi amene ali kunyumba ndiye kuti akungokhala, makinawo ndi choseweretsa chake. Anafuna kunena kuti ayi. Mawuwo anafika mpaka kumano, anawamva kukoma kwake — koma chomwe chinatuluka chinali "Khalani pampandopo," ndipo anadzinyansa kuposa momwe ankanyansidwira ndi mayiyo, chifukwa Ndangodutsa ndi mmene analengedwera basi, ngati ntchentche, koma iye, wodziwa bwino lomwe, ndi amene ankatsegula zenera. Anasomola zipi yakale uku akumva za mpongozi wa wina, za ketulo yomwe inapsa, za mtsikana wa kuseri amene akuti wayamba kunenepa mokayikitsa — apa mayiyo anamuyang'ana pang'ono, n'kutsokomola. Belu la 10 koloko linalira.

"Iii, foni yanu ikuitana."

"Ikundiuza kuti ndipume."

Ndangodutsa anaseka mpaka kudziomba pantchafu, mwana n'kudzidzimuka.

Kuchokera pamenepo tsiku linayamba kutayika ngati madzi a m'ndowa yobooka. Kusambitsa mwana, kumudyetsa, kumulanda phini lomwe anatola pansi pa tebulo mtima uli m'mwamba, kumubereka, kupalasa makina mwana akugunda mutu pamsana pake. Kenako foni inaliradi, osati belu, bambo a mwana.

"Poti uli pakhomo, ukandichapireko malaya oyera aja. Mawa kuli akuluakulu."

Poti uli pakhomo. Munthu amene amakhala pampando pageti la kampani kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kutsegula, kutseka, kuyasamula, koma poti wavala chipewa ndi nsapato zakuda ndiye kuti ali pantchito, palibe angamutumizire thalauza kuti poti uli pageti. Anayankha kuti chabwino. Anawanyikadi malayawo m'beseni, ndipo pobwerera m'chipinda maso ake anapita okha pakhoma — 12 koloko, kusoka thunthu la chovala — n'kuzindikira mwamanyazi kuti kuyambira m'mawa wakhala akuchiyang'ana chikatonicho mobisa, akupikisana nacho. Ankachinyoza, inde, koma ankafuna kuchigonjetsa. Ankafuna Lamlungu likubwerali mlamu adzafunse kuti zinayenda bwanji, iye adzayankhe mosalabadira, akupinda nsalu, kuti aa, ndinamaliza ola lisanakwane.

Thunthu analisoka, kolala anailumikiza, zipi inalowa bwino mosakwinyika. Inatsala mikono, yomwe anayenera kudula m'mawa muja Ndangodutsa asanadutse. Nsalu yotsala inali yopapatiza, yosatheka kuipinda pawiri kuti adule yonse iwiri kamodzi monga amachitira masiku onse; inafunika kudulidwa umodzi umodzi, wina pamwamba wina pansi. Mdala amene anamuphunzitsa ntchitoyi pakhonde la sitolo, wamkamwa moipa, wonunkha mafuta a makina, anali ndi lamulo pa zoterezi: ukadula mkono woyamba, ulembe mtanda ndi choko papepala la patani, uime, ulitembenuze, uyang'ane kawiri, kenako udule wachiwiri. Ankamukwapula ndi tepi pazala. Anakumbukira mdalayo, anayang'ananso choko — chinali pansi, kuseri kwa mwendo wa makina komwe mwana anachiponya, ndipo kuti awerame ndi mwana kumsana, amene anali atangoyamba kusinza, ndiye kuti amudzutsa. Foni inali patebulo, ikuonetsa kuti kwatsala mphindi zitatu kuti 1 koloko ikwane. Nthawi yonseyi akusoka, angafunenso choko ngati wophunzira? Anadula woyamba. Anatsetsereza pepala m'munsi. Anadula wachiwiri, ndipo sizasi itangotseka kukamwa komaliza belu linalira, iye n'kuyang'ana chikatonicho ndi kumwetulira kwa mbali imodzi. Waona? Simuidziwa nthawi.

Mkono woyamba unalowa ngati unamera pomwepo. Anausita, anaupachika, anaima chapatali kuuyang'ana, ndipo kwa kanthawi anaona chitseko chija, loko wake, kiyi ali pachingwe m'khosi mwake. Anachapa malaya oyera aja mwamsangamsanga, anaphikira mwana, iye anadya ataimirira. 3 koloko itadutsa pang'ono anatenga mkono wachiwiri, anauika paphewa la kumanja, n'kuyamba kubaya maphini.

Unakana.

Anachotsa maphini, anayambiranso. Mutu wa mkono suli chimodzimodzi mbali zonse — kutsogolo umalowa mkati, kumbuyo umatuluka kuti munthu athe kutambasula dzanja — ndipo uwu, mulimonse momwe anauzungulizira, kutsogolo kwake kunkayang'ana kumsana. Anauyala pamwamba pa unzake womwe anali atasoka kale. Inafanana ndendende, ngati mapasa. Yonse iwiri inali ya kumanzere. Pepala lija sanalitembenuze.

Sanakuwe. Anangokhala pansi pang'onopang'ono, nsaluyo ili pamiyendo, m'makutu mukulira ngati muli udzudzu. Anautembenuza mkonowo, monga kuti mwina nsalu ingamumvere chisoni: unakwana bwinobwino, koma unali wotuwa ngati phulusa, maluwa onse ali mkati. Anakhuthula thumba la tizidutswa — tamakona atatu, tazingwezingwe, kakakulu kwambiri kosakwana kuphimba chikhatho. Mamita atatu ndendende.

Ndiye maganizo anayamba kuthamanga kufunafuna woti asenze mlandu. Ndangodutsa, ndi zipi yake, ndi mkamwa mwake mosatseka — akanapanda iye mikonoyi ikanadulidwa m'mawa mutu uli wozizira. Bambo a mwana ndi malaya awo. Amayi a kwaya, oumira, ogula nsalu ngati akugula mankhwala a m'maso. Mlamu, makamaka mlamu, wobweretsa belu m'nyumba ya munthu, amene sadziwa kuti nsalu siimva koloko, kuti pali mphindi imodzi yomwe telala amaima osachita kanthu ndipo ndi mphindi imeneyo yomwe imagwira diresi yonse, mphindi yomwe palibe pamaphunziro a masiku awiri angailembe pakatoni chifukwa ukaiona imaoneka ngati ulesi. Anawayeza onse mmodzimmodzi, monga amayezera anthu m'chiuno, ndipo mlanduwo sunamukwane aliyense. Choko chinali pompo, pansi pa makina, anachiona ndi maso ake. Palibe anamugwira dzanja. Anagulitsa mkono wa diresi kuti apambane mpikisano ndi chikatoni cha sopo, mpikisano womwe mwini chikatoniyo sankadziwa n'komwe kuti ulipo, amene mwina panopa ali mu ofesi akumwa tiyi, atayiwala kale kuti anakhoma msomali m'nyumba ya munthu.

Njira inalipo, manja ake anaidziwa mutu usanavomere. Mkono wolakwikawo unali wautali. M'munsi mwake mukanatuluka mkono waufupi wa kumanja, akadulanso wabwino uja kuti ifanane. Mphindi makumi awiri, akalimbikira. Diresi ya mikono yaifupi, yaukhondo, yopanda chilema — n'kuwauza amayiwo nkhope ili gwa kuti wawaganizira za kutentha, kuti masiku ano amavala choncho. Mwina akanakhulupirira. Mwina akanakweza chala chija. Kapena angowaonetsa momwe zilili, mkono umodzi wokongola, wina uli m'manja, n'kunena mawu omwe sanawanenepo chisiyireni sukulu, oti ndalakwitsa — kenako nkhaniyo iyende, ifike kwa Ndangodutsa, ifike kwa mlamu, amene adzapendeketsa mutu mwachisoni n'kunena kuti mwaona alamu, ndimanena ine.

Anatsitsa diresi pahang'ala. Anaiyala patebulo, anayeza ndi tepi kuchokera paphewa, anatola choko — tsopano anawerama, tsopano — n'kulemba mzere pamkono wabwinowo, pamwamba pa chigongono. Anatsegula sizasi, anailowetsa, chitsulo chozizira chili pansi pa maluwa oyera. Mwana anali chete pamphasa, akuyamwa kachidutswa kabuluu, akumuyang'ana. Dzanja silinatseke. Msoko wa mkonowo unali woongoka kuposa yonse yomwe anasokapo, ndipo anaima choncho, akuuyang'ana, osadziwa kuti ndi mphindi zingati zomwe zikudutsa, iye amene ankaimba belu.

Pageti panamveka nsapato, osati masilipasi, nsapato zazidendene, zoponda motsimikiza, za munthu wosunga nthawi.

"Odi kuno! Atelala alipo?"

Nthawi yomweyo foni inayamba kulira patebulo, ikunjenjemera pakati pa maphini, ndipo maso ake, osawatuma, anakwera pakhoma, pamzere womaliza wolembedwa ndi peni yofiira, womwe sabata yonse sanafune kuuwerenga: 4 koloko, kupereka ntchito kwa kasitomala. Mwetulirani!

Sizasi ikadali yotsegula pansaluyo, anamva milomo yake ikuyamba kale kutambasuka.