Khasu Likadali M'ngalande

Ngalande yathu imapatuka mumtsinje wotsika kuphiri la Michesi, n'kudzera kuseri kwa mudzi mpaka kumadimba. Akuluakulu amati inakumbidwa nthawi imene ku Fort Lister kunali asilikali. Kunabwera mzungu wina wofuna golide, natenga makolo athu amene anali atangofika kumene kuchokera ku Mozambique, kuti amukumbire njira ya madzi otsukira miyala. Golideyo anapeza wochepa, malungo n'kumupezanso iyeyo, ndiye anachoka. Ngalande inatsalira eni makasu, ndipo ife zidzukulu timathirira nayo matimati, anyezi ndi mpiru m'chilimwe.

Ngalandeyi ili ndi lamulo lake. Aliyense amene mbali yake yakwiririka ndi matope akhoza kuitanitsa ntchito yoyeretsa. Zikatero timatseka pamutu pa ngalande ndi mwala waukulu, madzi n'kubwerera mumtsinje, ndipo onse othirira amalowamo ndi makasu. Madzi satsegulidwa khasu lomaliza lisanatuluke. Munthu akatopa amazika khasu lake momwemo n'kupita kunyumba, ndipo khasulo limatengedwa ngati mwini wake. Kutsegulira madzi pa khasu la mnzako kuli ngati kumuthira dothi akadali moyo, ndipo ine chibadwire sindinamvepo wina atachita zimenezo.

Chaka chatha kunafika munthu wina wa ku Chiringa, dzina lake a Stafford, pa njinga yamoto, atatenga kabotolo kokhala ndi timchenga tonyezimira, ati ndi golide. Woyamba kukaonetsedwa kabotoloko anali amuna anga, a Thomson, bambo a Ufulu. Iwowa ndi mkamwini, anachita kudzandikwatira kuno kuchokera ku Nazombe, ndipo ankapalasa kabaza. Atangoona timchengato, njinga inaiwalika pakhonde mpaka matayala kuphwa. Anasonkhanitsa anyamata, a Stafford n'kubweretsa mabeseni, masefa ndi mafosholo, ndipo anayamba kukumba kumtunda n'kumatsukira dothi m'ngalande. Sindinama, chitenje chimene anandigulira mwezi woyamba ndinachivala, mpaka kutchalitchi ndinapita nacho.

Koma madzi anayamba kufika kumadimba ali ofiira ngati thobwa. Ukathirira lero, mawa pabedi pauma chikhakha cholimba, mbewu n'kumabanika. Amene zinawawawa kwambiri anali achemwali anga a Belita, chifukwa dimba lawo ndi lomalizira, kumene matope onse amakathera. A Belita amuna awo anamwalira, ndipo ana awo amadya za m'dimbamo. Matimati awo anali atayamba maluwa, okongola moti odutsa ankaima n'kumayang'ana.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku lina m'mawa a Belita anafika kwathu, bambo a Ufulu akumwa tiyi.

"Alamu, sindikukuletsani golide wanuyo," anatero a Belita. "Kumbani dzenje pambali, madzi anu akudawo aziyamba akhazikika momwemo asanabwerere m'ngalande. Basi."

"Dzenje limenelo akumbe ndani? Anyamata ali pa bizinesi, alamu, si ganyu wa m'dimba ayi," anayankha amuna anga. "Komanso mukuiwala. Ngalandeyi anaikumbira golide. Matimati anachita kuipeza. Madzi saiwala khwawa."

"Anaikumba ndi agogo athu. Mzunguyo ankangoima pamthunzi. Inuyo agogo anu anali ku Nazombe."

Bambo a Ufulu anaseka, koma ndinaona kuti chawalasa. Ine ndinapitiriza kutsuka makapu, mtima ukundiwawa mbali zonse ziwiri.

Mawa lake a Belita anaitanitsa ntchito yoyeretsa. Amayi onse a kumadimba anabwera, tinagubuduza mwala, ngalande n'kuuma. Anyamata a golide anangokhala pamulu wa dothi lawo n'kumationerera, osagwira khasu ngakhale mmodzi. Ankadziwa kuti ntchitoyi imatha dzuwa lisanapendeke. Inathadi, ndipo tinatuluka mmodzimmodzi, ine ndemwe. Koma a Belita anazika khasu lawo pakati pa ngalande, nasasa matope m'manja.

"Ine mbali yanga sinathe," anatero. "Idzatha dzenje likadzakumbidwa."

Apa ndi pamene anthu anazindikira kuti nkhani yakula. Popanda madzi golide satsukika, koma matimatinso sakula. A Belita anadzitsekera okha madzi pamodzi ndi adani awo. M'mawa uliwonse ankabwera, kupala matope pang'ono ngati nkhuku, n'kuzikanso khasu, kenako n'kumakatunga madzi kumtsinje ndi ndowa. Kuchokera kumtsinje kukafika kudimba lawo ndi mtunda, ndipo dzuwa la Okutobala kuno silichita chibwana. Maluwa a matimati anayamba kuyoyoka.

Anzathu ena anayamba kung'ung'udza. A Happiness, amene anyezi wawo anali pafupi kukhwima, anawapeza a Belita panjira n'kuwauza kuti kuuma mutu sikudyedwa. A Belita anatula ndowa, nawayang'ana.

"Mukufuna madzi kapena matope? Ngati ndi matope, nenani, ndikutapireni kwanga, alipo ambiri."

A Happiness anachoka akung'ung'udzabe, koma khasulo sanalikhudze. Palibe wa m'mudzi muno akanalikhudza.

Kunyumba kwathu kunali moto. A Stafford ankaimba foni kosalekeza, ndipo bambo a Ufulu ankayankha akuzungulira nkhokwe, "Inde bwana, tikukonza bwana." Akadula foni ankatembenukira kwa ine.

"Mayi a Ufulu, kalankhuleni ndi mkulu wanuyo. Akufuna tife ndi njala?"

"Dzenje likanatha kalekale mukanayamba tsiku lomwe lija," ndinkawayankha. Ankangotsonya.

Ndiye tsiku lina dzuwa litakwera, ndikuchokera kothyola nandolo, ndinamva njinga yamoto kumtunda. Ndinapita kukaona. A Stafford anali atatsika m'ngalande ndi nsapato zawo zonyezimira, anyamata ataima m'mphepete. A Belita kunalibe, anali kumtsinje ndi ndowa yawo. A Stafford anazula khasu lija n'kuliponya patchire.

"Mudzi wonse kuopa chitsulo ndi mpini?" anatero. "Ndachotsa ine, inu simunakhudze. Thomson, tsegula madzi, tawononga nthawi."

Anyamata anayang'ana pansi. Mmodzi anabwerera m'mbuyo ngati waona njoka. Koma amuna anga, amene akhala m'mudzi muno mpaka kubereka ana atatu, amene lamuloli akulidziwa bwinobwino, anatola mgwala, chitsulo chachitali chotukulira miyala, n'kulunjika pamwala. Ndinapsa mtima kuposa tsiku lina lililonse m'banja mwathu. Kuopa ndinkaopa, koma mkwiyo unaposa.

Khasu langa ndinali nditalisiya kunyumba. Ndinalowa patchire paja, ndinatola la a Belita, n'kutsikira m'ngalande pafupi penipeni ndi mwala. Ndinayamba kupala matope, ngakhale panalibe chopala.

"Mayi a Ufulu, tulukanimo," anatero bambo a Ufulu, mgwala uli kale pansi pa mwala.

"Ndikugwira ntchito."

"Musandichititse manyazi pagulu."

"Manyaziwo mwawanyamula nokha m'manjamo. Tsegulani. Madziwa ndi ofika m'mawondo, sandipha ayi. Koma mukakafika kunyumba mukawauze ana anu kuti mwatsegulira madzi pa mayi awo, kenako mupope njinga yanu ija. Njira ya ku Nazombe mukuidziwa."

A Stafford anaseka, nati akazi a kuno ndi ovuta, koma palibe anawathandiza kuseka. Anthu anali atayamba kufika kuchokera kumadimba. A Happiness, omwe aja ong'ung'udza, anafika ndi khasu lawo, natsikira m'ngalande kumbuyo kwanga. Enanso anatsatira. Pomaliza anatulukira a Belita, ndowa ili pamutu, thukuta lili kamukamu. Anatula ndowa, nabwera kudzaima pambali panga.

"Bweretsa khasu langa, Rozaria," anatero. "Iwe ukatenge lako."

Bambo a Ufulu anaima nthawi yaitali atagwira mgwala. Kenako anausolola pansi pa mwala, nayenda kupita kumtunda, pambali pa mulu wa dothi lawo, n'kuyamba kubaya pansi. Anyamata anatola mafosholo. A Stafford anakalipa, anaopseza kuti atenga mabeseni awo, ndipo anawatengadi, kuwamanga panjinga n'kumapita. Anyamatawo anapitiriza kukumba, ati adzatsukira m'mabeseni a akazi awo.

Nthaka ya pamenepo ndi yamiyala, ndiye dzenjelo linatenga nthawi. A Belita sanazule khasu mpaka atalowa okha m'dzenjemo, naona kuti lawafika m'chifuwa. Atakhutira anatuluka, mwala unagubuduzidwa, ndipo madzi anatsika oyera mpaka kumadimba. Anyezi wa a Happiness anapulumuka. Mpiru wanga unatsitsimuka.

Kwa a Belita madziwo anafika mochedwa. Ndinawapeza madzulo ake akuzula matimati ouma n'kumaunjika pamzere, madzi akuyenda bwinobwino pakati pa mabedi opanda kanthu. Ndinalephera kudzigwira, misozi inatsika. Kwathu bambo a Ufulu anali asanayambe kundilankhula, ndipo apa ana a mkulu wanga analibe chogulitsa chaka chimenecho.

"Achemwali, mukanazula khasu msanga, mwina theka likanatsala," ndinatero.

"Likanatsala," anavomera, osasiya kuzula. "Koma matimati ndimafesa chaka chilichonse. Ngalande ndikanaitaya, ndikanaifesa kuti? Pukuta m'masomo, uyambire mzere uwo."

Ndinakwinya chitenje n'kuyamba kuzula.