Zipolopolo za Bokosi Lachikasu

Loweruka lomaliza la Okotobala ndilo tsiku limene kalabu yathu imatseka bwalo lowomberapo. Likadutsa tsikulo, mapepala a chandamale amalowa m'shedi, mfuti za kalabu zimatsekeredwa m'sefa, kabati yachitsulo yokhoma ndi kiyi, ndipo kunkhalango kuja sikumvekanso kulira kwa mfuti mpaka Epulo. Amene ali ndi mfuti zawozawo amapitiriza kuwomba m'chipinda chapansi cha holo yamasewera m'tauni nyengo yonse yozizira ndi yamdima, imene kwathu kuno imayamba Okotobala akatha. Ife opanda chiphaso timakhala kunyumba.

Ine ndinali nditatsala ndi ulendo umodzi wokha. Kuti kalabu ikulembere kalata yokapemphera chiphaso cha mfuti yaing'ono, uyenera kuima pa mtunda wa mamita 25, kuwomba zipolopolo zisanu ndi dzanja limodzi, n'kupeza mapointi 46 mwa 50. Uyenera kutero katatu woyang'anira akuona. Kawiri ndinali nditakwanitsa kale. Kachitatu kanandizemba Loweruka zinayi zotsatizana.

Ndinayamba kupita kumeneko mwezi wa Epulo, nditatsala pang'ono kumaliza sekondale. Sindine munthu wa pakamwa. Ndikafuna kuyankhula pagulu mawu amachedwa, ndipo akamatuluka nkhani imakhala itapita kale patsogolo. Kubwalo lowomberapo aliyense amavala zotseka m'makutu, ndiye palibe amene amayembekezera kuti unene kanthu. N'chifukwa chake ndinakukonda.

Chimene sindinachikonde ndi bokosi lachikasu. Munthu wopanda chiphaso sangagule zipolopolo kusitolo, amawomba zimene kalabu yamupatsa. Zimene kalabu yathu inali nazo anagula ndi a Sixten, bambo wopuma pantchito amene amasunga makiyi a sefa. Sitolo ina ikutsekedwa, iwo anapita ndi ngolo yokoka pagalimoto n'kusesa mabokosi onse achikasu pa mtengo wotaya, ndipo nkhaniyo amaifotokoza Loweruka lililonse pa nthawi ya khofi. Zipolopolozo n'zopakidwa phula lonunkha limene limadetsa zala. Sizilira mofanana: china chimati pha, chotsatira chimangoti pu ngati chatopa. Ndipo m'bokosi lililonse mumakhala chimodzi kapena ziwiri zosaphulika n'komwe.

Wina akadandaula, a Sixten ankati zophunzirira n'zokwanira zomwezo, ndipo amene akuphonya ayang'ane dzanja lake. Ine sindinadandaulepo. Ankanditchula Mayi Chete.

Tsikulo kunali kozizira, mpweya wa m'kamwa ukuoneka. Woyang'anira, a Gunvor, anafika mochedwa chifukwa galu wawo anathawira m'nkhalango. Ndi mayi wamfupi woyendetsa basi, wosaseka pamzere wowomberapo, koma wosakondera. Anayang'ana wotchi n'kutikumbutsa kuti fili koloko ikakwana mfuti zonse zikhale chete, monga tinapangana ndi anthu a m'nyumba za kuseri kwa phiri. Nthawi inali itadutsa hafu pasiti thu.

Tinaima pamzere anthu anayi. Ine ndinatenga mfuti nambala 3, imene ndinkagwiritsa ntchito nthawi zonse. Kumanja kwanga kunaima a Sixten, kumanzere a Algot, mlimi wamtali amene sakhala mphindi ziwiri osaseka munthu.

"Lero ndi lero, Mayi Chete," anatero a Algot. "Ukakhoza utiimbire nyimbo, timve mawu ako tisanafe."

A Gunvor analamula kuti tiike zipolopolo, kenako kuti tiwombe.

Choyamba chinachoka bwino. Munthu amadziwa, ngakhale asakuona chibowo. Chachiwiri chimodzimodzi. Pa chachitatu dzanja linagwedezeka pang'ono, koma osati moti n'kudandaula. Chachinayi chinali chabwino kuposa zonse. Ndinatsitsa mfuti, ndinapuma katatu, ndinaikwezanso, ndipo ndinakhethemula.

Kunangomveka kuti khe.

Lamulo lake aliyense amalidziwa, limaphunzitsidwa tsiku loyamba. Mfuti ikakana, umailozabe ku chandamale, umakweza dzanja linalo, ndipo sukhudza chilichonse. Woyang'anira amabwera, amatsegula yekha, n'kuona kumbuyo kwa chipolopolo. Ngati kamsomali ka mfuti kasiya chipsera pamenepo, mlandu ndi wa chipolopolo, ndipo umapatsidwa china. Koma mfuti ikatsegulidwa iye asanafike, palibe umboni, ndipo chipolopolocho chimawerengedwa ngati chaphonya.

Ndinakweza dzanja. A Gunvor anali kumapeto kwa mzere, akuyang'ana mnyamata wina amene ankagwira mfuti molakwika. Ndikanaitana. Dzina lawo linali pa lilime, koma silinatuluke. Ndinangokweza dzanja m'mwamba kwambiri ngati mwana wa m'kalasi.

A Sixten, amene anali atamaliza kale zawo zisanu, anatembenuka. Anaona dzanja langa, anaona a Gunvor, kenako mkono wawo unadutsa pa benchi. Anagwira pamwamba pa mfuti ili m'manja mwanga, anakoka, ndipo chipolopolo chinadumpha n'kugwera pansi pakati pa makoko a zipolopolo zowombedwa kale.

"Sunakankhe bwino, mwana iwe. Ika china, usatichedwetse."

Zonsezi zinachitika pa kanthawi kopumira kamodzi. Pamene a Gunvor ankafika, mfuti inali yotsegula, yopanda kanthu, ndipo dzanja langa linali likadali m'mwamba.

Anafunsa kuti watsegula ndani. A Sixten anati anangothandiza mwana, magazini, kachitsulo koikamo zipolopolo, sinakhale bwino, zimachitika kwa ophunzira. Sanatchule chipolopolo ngakhale kamodzi. A Gunvor anati a Sixten ali m'kalabu muno zaka makumi atatu ndipo lamulo akulidziwa. Koma anatembenukira kwa ine n'kunena kuti sangalembe chimene sanaone.

Titapita kukaona chandamale, panali zibowo zinayi: teni, teni, naini, naini. Mapointi 38. Chachisanu chikanangogwa pa eyiti, ndikanakhoza.

Pobwerera kumzere nkhope yanga inali ikutentha. Sindinali ndi manyazi ngati masiku onse. Ndinkaganiza za mkono uja, malaya ake a ubweya atandikhudza pachigongono, ndi mawu akuti sunakankhe bwino. Ndinali nditakankha bwino. Miyezi isanu ndi umodzi ndinali ndikukankha bwino. Bambo wamkulu anasankha kuti ine ndioneke wosadziwa kuika magazini kusiyana n'kuti a Gunvor aone kumbuyo kwa chipolopolo chawo chotchipa.

Ndinagwada n'kulowa pansi pa benchi. Simenti inali yozizira, ndipo makoko amkuwa anali mbwee, a mwezi wonse, chifukwa wosesa ankadikira tsiku lotseka. Ndinayamba kuwasanthula ndi zala. A Algot anafunsa ngati ndataya ndolo. Ndinapitiriza kusanthula.

Ndinachipeza: chipolopolo chathunthu, mutu wake uli pomwepo, kumbuyo kuli chipsera chozama cha kamsomali. Ndisanadzuke ndinaona china chakukhoma. Kenako china pansi pa phazi la benchi. Ndinakwawa mpaka kumalo a a Algot, n'kubwerera. Podzuka ndinali ndi zisanu ndi ziwiri m'dzanja, zonse zomenyedwa, zonse zosaphulika. Anthu ankangozikankhira pansi ndi nsapato kuti asakangane ndi a Sixten.

Ndinaziika pa benchi pamaso pa a Gunvor, mondandalika, zipsera zikuyang'ana m'mwamba.

"Magazini yanga inakhala bwino," ndinatero. Mawu anatuluka onjenjemera, koma anatuluka.

A Algot analiza kamluzu. Anati Sixten, zako zija zabereka.

A Gunvor anatola chimodzi, anachitembenuza, anachibwezera. Anati akundikhulupirira, ndipo nkhani ya mabokosi achikasu aikweza ku msonkhano wa chaka. Koma pa zisanu ndi ziwirizi, changa ndi chiti? Ndinayang'ana. Zinali zofanana zonse. Ndikanapeza chimodzi chokha mwina akanaganizira. Ndinapeza zambiri, ndipo kuchuluka kwake kunandimana chimene ndinkafuna.

Kenako anandionetsa wotchi. Pansi pa benchi ndinali nditathapo mphindi khumi. Nthawi imene ikanakwana maulendo awiri tsopano inali ya ulendo umodzi.

A Sixten anali chiimire, manja m'matumba, akuyang'ana kunkhalango. Mwadzidzidzi anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa kabokosi kakuda kokhala ndi zilembo zasiliva. Anakakankhira kwa ine pa benchi.

"Tenga izi. Sizikana."

"Kani uli nazo zina?" anatero a Algot. "Ife tikudya phula, iwe ukudya zonona?"

A Sixten anati zimenezo n'zampikisano. A Algot anafunsa kuti nanga zimene amawomba lero zinali za mpikisano uti. Apo m'pamene ndinazindikira chifukwa chimene mfuti ya kumanja kwanga inkalira mofanana Loweruka lililonse. Munthu amene anadzaza sefa ndi mabokosi achikasu, amene ankatiuza kuti tiyang'ane manja athu, anali asanaikepo ngakhale chimodzi mu mfuti yake.

Ndinkafuna kukana. Ndinkafuna kukankha kabokosiko kagwe pansi. Koma ndinaganiza za kulira kuja kwa khe, ndi miyezi isanu ya mdima ndili kunyumba anzanga akuwomba m'tauni. A Gunvor anagwedeza mutu kuti nditenge. Ndinatenga zisanu. Zinali zoyera, zoterera, zosasiya kanthu pa zala.

Anthu ena aja sanawombenso. Anaima kumbuyo kwa mzere wachikasu, ndipo ine ndinatsala ndekha. Mkwiyo unandithandiza, sindinama. Dzanja linali chilili ngati laikidwa pa mwala. Zisanu zonse zinalira mofanana, pha, pha, mfuti ikukankha mwamphamvu pang'ono kuposa mmene ndinazolowera. Ndilibe galasi loonera patali, ndiye sindinadziwe kumene zikugwera, koma ndinali ndisanawombepo bwino chonchi chiyambire. Nditatsitsa mfuti, wotchi ya a Gunvor inati kwatsala mphindi ziwiri.

Tinayenda tonse mamita 25 aja. Ndili patali ndinaona kuti pakati pa chandamale n'posabooka.

Zibowo zinali pamwamba, zothinana moti a Gunvor anaphimba zinayi ndi chivindikiro cha botolo. Zinayizo zinali mu eyiti, chachisanu chinakhudza mzere wa naini. Mapointi 41.

Ndinadziwa chifukwa chake ndisanafunsidwe. Zipolopolo zachikasu n'zofooka, zimagwera m'munsi. Mwezi wa Juni ndinali nditazungulitsa kasikulu ka diso lakumbuyo lolunjikira chandamale la mfuti nambala 3 kuti zizikwera mpaka pakati, ndipo sindinauze munthu, chifukwa sindiuza munthu kanthu. Zipolopolo zabwino zinapita kumene diso linaziuza. Mkwiyo womwe unalimbitsa dzanja langa ndi umene unandiiwalitsa zimenezi.

A Gunvor anati chaka chino sanaone zibowo zothinana chonchi pabwalo lino, ndipo analemba 41. A Algot sanaseke. A Sixten anawerama, anayang'anitsitsa pepalalo, n'kunena kuti mwaona, si nkhani ya zipolopolo.

Fili koloko inali itakwana.

Kumzere anthu anayamba kulongedza. Wina anatulutsa fulasiki ya khofi ndi mabanzi a sinamoni, wina anatenga tsache. Ine ndinafunsa a Gunvor kuti mabokosi achikasu atsala angati m'sefa. Anapumira m'mwamba n'kunena kuti ngakhale msonkhano utagwirizana lero, palibe amene angataye katundu wochuluka choncho; ophunzira aziwomba zomwezo chaka chamawa, mwinanso chinacho.

Nditatembenuka ndinaona a Sixten atanyamula mfuti nambala 3. M'dzanja lina anali ndi kasikuludiraiva kakang'ono, ndipo anali akukalozetsa pa diso lakumbuyo. Anati andikonzere, ikuwombera m'mwamba kwambiri.

"Ikeni pansi."

Tsache linaima. A Sixten anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Ndikukuthandiza, Tuva."

Aka kanali koyamba kunditchula dzina langa.

"Mwandithandiza kale kawiri lero. Epulo mudzandipatsanso zachikasu, ndipo diso limenelo lili pamalo pake pa zachikasu. Musalikhudze."

A Sixten anayang'ana kwa a Gunvor. A Gunvor anali akuthira khofi, ndipo sanakweze mutu. A Sixten anaika mfuti pa benchi pang'onopang'ono, kasikuludiraiva kanabwerera m'thumba.

Ndinaipukuta ndekha, ndinachotsa phula lonse m'kati mwake, ndinaiika m'chikwama chake. Pa kapepala ndinalemba kuti diso la nambala 3 lisasinthidwe, ndinasaina dzina langa, n'kukamata pa chikwamacho. Ndinaima pakhomo pa sefa mpaka a Sixten atatseka ndi kiyi. Khofi sindinamwe. Ndinakwera njinga yanga n'kutsika msewu wa miyala, zala zikununkhabe phula, ndikuwerenga pa zala zomwezo miyezi imene yatsala kuti Epulo afike.