Makina a Mayi Zulekha Kupolisi

Makina osokera a Mayi Zulekha anabedwa masana, iwo ali kumaliro ku Mbare. Anali makina opalasa ndi miyendo, ndipo theka la ana a mumsewu wawo ku Mufakose linkavala yunifolomu yosokedwa pamenepo. Patatha masiku anayi, apolisi anagwira wakubayo akuwatsatsa pamsika wa ku Machipisa.

"Makinawa ndi umboni, mayi," anatero Sajeni Josphat, yemwe ankafufuza mlanduwo. "Akhala kuno mpaka tsiku la khoti."

Mayi Zulekha anadikira. Januwale anafika, sukulu zinatsegulidwa, makolo anatengera nsalu zawo kwa atelala ena. Kenako anamva kuti Sajeni Josphat anasamutsidwa osasiyira munthu fayilo. Ulendo uliwonse akapita kupolisi ankapeza wapolisi wina pakauntala, n'kuyambanso nkhaniyo pachiyambi, m'Chishona, ataimirira.

Ulendo wachisanu ndi chiwiri, ali pamzere, anamva phokoso kuchipinda chakumbuyo. Analizindikira. Chopondera cha makina awo chinkagogoda kawiri chisanazungulire bwino. Sanapemphe chilolezo. Anadutsa kauntala, nakankha chitseko, napeza wapolisi atakhala pamakina awo akupinda miyendo ya thalauza la yunifolomu. Pambali panali mulu wa malaya odikira.

"Miyezi inayi ndikugona ndi nkhawa, inu mukusokera pano?" anatero Mayi Zulekha. "Umboni uja ndi umenewu?"

Kukalipa kwawoko kunatulutsa mkulu wa siteshoni ya polisiyo, Inspekitala Zodwa, amene anali atangokhala milungu iwiri pa udindowo. Anamvetsera, kenako anaitanitsa buku lolembamo katundu wa umboni. Anatembenuza masamba mpaka kumapeto. Makinawo sanalembedwemo. Analibe ngakhale kapepala ka nambala.

"Ndani amasunga kiyi wa chipinda chino?" anafunsa.

Apolisi atatu anayang'anana. Kiyi ankakhala pamsomali, aliyense ankangotenga.

Inspekitala anatseka bukulo pang'onopang'ono. "Mayi, sindikunamizani. Umboni wosalembedwa, wogwiridwa ndi aliyense, khoti silingaukhulupirire. Mlandu wanu tauwononga ife."

"Ndiye wakuba uja?"

"N'kutheka amasulidwa."

Anamasulidwadi. Inspekitala anapereka kiyi kwa wapolisi mmodzi yekha, nalamula kuti chilichonse cha m'chipindamo chilembedwe sabata lomwelo. Munapezeka njinga zisanu ndi wilibala zopanda mwini wodziwika. Wosoka thalauza uja anangodzudzulidwa pakamwa.

Makina anawabwezera atawasayinitsa mapepala atatu. Galimoto ya siteshoni inalibe mafuta, choncho Mayi Zulekha anaitana wangolo, iwo n'kumayenda pambali atagwirira mutu wa makinawo kuti usagwe m'maenje a mumsewu. Atafika kunyumba anapeza lamba wa makinawo atadulidwa n'kulumikizidwa ndi waya. Sanadye. Anakhala patebulo n'kulemba kalata ya dandaulo yopita kwa akuluakulu a polisi, masamba anayi, ndi dzina la wapolisi aliyense amene anawabweza pakauntala.