Linki Sikutseguka

"Ingofufutani zonse, mlamu," anatero mayiyo, akukankhira laputopu ya malemu mwamuna wake kutsidya kwa tebulo. "Musasiyemo kanthu."

Mlamuyo, mng'ono wake wa malemu, sanadikire kuuzidwa kawiri. Chiikireni maliro, diso lake linali pa laputopuyo ngati la mphaka pa nsomba. Mwana wake ankayamba sukulu ya ukachenjede, ndipo wokonza mafoni woti ayeretse makinawo anali atapezeka kale.

Foni ya malemu inanjenjemera pa shelefu. Mayiyo sanavutike n'kuyang'ana komwe, ankaudziwa uthengawo pamtima: linki sikutseguka. Mwamuna wake ankaphunzitsa masamu ku koleji, koma ntchito yake yeniyeni inali kusaka. Ankasaka mabuku aulere pa intaneti, mapepala a mayeso akale, mavidiyo, n'kujambulanso mawu ake akufotokoza zovuta. Zonsezo ankaziunjika malo amodzi n'kutumizira ophunzira linki, mpaka anamupatsa dzina loti Bambo Linki. Atangomwalira, koleji inatseka akaunti yake, zonse n'kuzima. Zotsala zinali mu laputopu yokhayo.

Mayiyo anali wokwiya, ndipo sankabisa. Anakwiyira koleji yomwe inatumiza nkhata ya maluwa ndi dzanja limodzi, lina likutseka akaunti. Anakwiyira ana a eni ake omwe ankalirira linki mwamuna wake ali pa bedi m'chipatala. Koposa zonse anakwiyira malemuyo, munthu wosamva, yemwe adokotala akati apume ankangoseka n'kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pakhomo panamveka odi. Analowa mtsikana wowonda, chikwama kumsana, nadzitchula kuti ndi woimira kalasi. Anapepesa maliro mwaulemu, maso ali pansi, kenako ananena chimene anadzera.

"Amayi, mayeso ayandikira. Buku lake ku laibulale lilipo limodzi, kalasi yonse tikulimbirana lomwelo. Timati mwina zinthu za aphunzitsi zija…"

"Kafunseni ku koleji," mlamu anamudula, dzanja litagwira kale laputopu. "Pano ndi pa maliro, si pa laibulale."

"Tapitako, bambo. Akuti akaunti ya womwalira satsegula."

Apa mayiyo zinamufika m'khosi.

"Ndiye mwati mubwere kuno? Munamudya ali moyo, inu ana, lero mwabwerera mafupa? Munthu akutsokomola magazi, foni ili ngwee, ngwee, linki sikutseguka! Ndani mwa inu anafunsako kuti mwadzuka bwanji?"

"Sitinkadziwa, amayi," anatero mtsikanayo. "Ankatiuza kuti ndi chimfine."

"Chimfine!" Mayiyo anaseka kuseka kowawa. "Mwamva, mlamu? Abale anu ankadwala chimfine."

Mlamu anaimirira, nayamba kukulunga chingwe cha chaja. Atafika pakhomo anakumbukira, poopa kudzanenedwa mawa.

"Zithunzi za ana mwachotsamo, mlamu? Akafufuta, kwatha."

Mayiyo anamulanda laputopuyo mokalipa, naitsegula kuti athane nazo msanga. Pamwamba penipeni pa mafayilo panali ina yolembedwa kuti: Kwa amene data yawathera. Inasungidwa m'sabata yomaliza malemuyo asanagonekedwe m'chipatala, sabata yomwe mayiyo anamulumbiritsa kuti sakhudzanso makinawo. Magazi anawira. Anadina kuti amve bodzalo ndi makutu ake.

Mawu anatuluka otsika, osasa, a munthu woba nthawi.

"Ana anga, iyi ndi mawu okha, vidiyo imadya data. Ndaichepetsa kuti ilowe ngakhale pa foni yakale. Amene wailandira atumizire mnzake, asamaumire. Pomwe ndikutsokomola muzingodumpha, palibe masamu pamenepo."

Kenako anayamba kufotokoza, pang'onopang'ono, akupuma pakati pa manambala. Mlamu anatsitsa chingwe chija patebulo. Patapita kanthawi, mu laputopumo munamveka chitseko chikutseguka chapatali, mawu aja n'kusanduka onong'ona.

"Ndilekeze pompano. Mayi akunyumba akubwera ndi mankhwala, akandipeza ndikulankhula ndiona zakuda. Ndipo sakulakwa, musawaone ukali. Funso lachitatulo tidzamaliza."

Mayiyo analikumbukira tsikulo. Anamupeza atafunda mpaka m'khosi, maso ali chitsinzinire, ngati mwana wogona bwino, ndipo iye anayenda monyang'ama kuti asamudzutse.

"Wabodza," anatero, misozi ikutsika mosapempha. "Wabodza wamkulu iwe."

"Mlamu," anayamba mng'ono wa malemu uja, "wokonza uja akudikira…"

"Adikire mpaka atope. Mwana wanu adzaitenga laputopuyi ikatha ntchito yake."

Anatembenukira kwa mtsikana uja, nkhope ikadali yamkwiyo, natambasula dzanja.

"Bweretsa kafulashi kako, tikuikiremo mafayilo onsewa. Ndipo ukawauze anzakowo kuti funso lachitatulo akamalize okha, mwini wake watopa."