Ndinafufuta Njira Ndili M'kati

Ine marauta, timabokosi togawa intaneti tija, ndawagwira m'mahotela, m'madoko, ngakhale pamwamba pa nsanja imene mphepo yake inandilanda chipewa. Palibe anandiphunzitsa. Choncho mwana wanga wamkazi atandiuza kuti m'mawa umenewo amufunsa mafunso a ntchito pa vidiyo, koma intaneti ya kwa achimwene anga, kumene amakhala, ikungodukaduka, ndinaseka.

"Usadandaule, mayi. Bambo ako akonza ali konkuno."

Ndinali kutali, pabwalo la ndege, laputopu pamiyendo. Ndinalowa mu rauta yawo kudzera pa intaneti yodukaduka yomweyo. Vuto ndinaliona msanga, maso awa sachedwa. Njira yotulukira, kumene rauta imatumiza chilichonse chopita kunja, inali ikulozabe ku adiresi ya chingwe chakale, chatsopano chili phee. Ndinati ndifufute yakaleyo, ndilembe yatsopano.

Ndinafufuta. Sikirini inangoti zii. Njira imeneyo ndi yomwe ineyo ndinalowera.

Foni inalira.

"Adadi, yatheratu tsopano! Anthu aja andiimbira pompano!"

"Ndi mmene ntchito yake imayendera. Apatse foni atate ako aakulu."

Mawu anatuluka bwino, koma malaya anali atanyowa ndi thukuta. Mwayi unalipo umodzi: zosinthazo ndinali ndisanazisunge, ndipo rauta ikazima n'kuyakanso imaiwala chilichonse chosasungidwa. Panangofunika dzanja la munthu pakhoma.

Achimwene ndi telala, ndipo makina opanda chopondera sawakhulupirira.

"Bwana Ndege," anatero, "wathyolanso chiyani?"

"Achimwene, kabokosi kanyanga kali pamwamba pa kabati kaja, zulani pulagi yake."

"Ndazula."

"Timagetsi take tazima?"

"Ayi. Yazima ndi wailesi."

"Inayo, achimwene, inayo!"

"Usandikalipire, iwe. Ndinakusambitsapo ine."

Anazula yoyenera, n'kubwezera. Tinadikira, iwo akupumira m'foni, ine ndikuwerenga timagetsi tomwe sindikutiona. Kenako rauta inandiyankha. Ndinalowanso, ulendo uno mwaulemu ngati mkamwini. Ndinayamba ndalemba njira yatsopano, n'kuiyesa, n'kuona kuti ikuyenda myaa. Pamenepo m'pamene ndinachotsa yakale ndi kusunga.

"Yabwera!" Mwanayo anakuwira patali. Ndinamva mpando ukukokedwa, chitseko n'kutsekeka.

"Ndiye ndege zonse wakwerazi," anatero achimwene, "unkaphunzira kuzula pulagi?"

"Kudziwa pulagi yoti izulidwe, achimwene. Anthu amandiitana kutsidya kwa nyanja chifukwa cha chimenecho."

"Akuluza tikiti. Akanangondiimbira ine."

Anthu anayamba kuima pamzere wokwerera ndege, koma ine sindinadzuke.

"Zikuyenda? Sizikuduka?"

Achimwene anatsitsa mawu. Ndinadziwa kuti khutu aligunditsa pachitseko.

"Akumufunsa. Akuyankha osadodoma. Ee, wina wasekanso naye."

"Mwana wanga ameneyo! Pakamwa anatengera ine!"

"Tatseka pakopo kaye," anatero, "ndikumvetsera."